Mbawala ya mapepala ya alamu anga

Alamu anga a Zefaniya ndi munthu woti akagunda chitseko amachipepesa. Musaseke, ndinaona ndekha. Anachigunda ndi phewa, n'kubwerera m'mbuyo, n'kunena kuti "pepani", kenaka n'kuima kaye kudikira ngati chiyankhe. Kuweyahausi kumene amayendetsa folokolifiti amati chiyambire ntchito mu 2001 sanagwetsepo katoni ngakhale imodzi. Ine ndimakhulupirira, chifukwa pa liwiro lawolo nkhono ikhoza kuwapitirira, kukafika, kusamba, n'kubwerera kudzawachingamira. Kutchalitchi amaimba besi. Mowa ayi, fodya ayi, ngakhale mpira amaonera mwakachetechete kuopa kusokoneza osewera. Munthu wotereyu mungamuganizire kuti ali ndi chinsinsi? Anali nacho, ndipo anachisenza zaka khumi ndi chimodzi osachitula.

Kwawo ndi ku Dedza, kuseri kwa Linthipe. Anakwatira mlongo wanga Vailet mu 1996, ndipo ine Kingstone ndine nkhoswe ya banjalo kuno ku Mangalande, popeza palibe wina woti n'kumusankha. Bambo athu malemu anali mkulu wa mpingo wa mtundu uja woti akatsokomola pakhonde tsiku la Sabata, atambala amasiya kuthamangitsa misoti mpaka Lolemba. Asanalole kuti ankhoswe akumane, anaitana mnyamatayo n'kumufunsa funso limodzi lokha.

"Kudambwe unapitako?"

"Ayi, bambo."

Ine ndinalipo, ndine ndinatulutsa mipando. Ndinamva "ayi" ameneyo, wosalala ngati wadzozedwa mafuta.

Vailet anatengera bambo. Ndi mayi wa chigwirizano, amagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba, ndipo amatha kutembenuza nkhalamba yolemera ngati matumba awiri a chimanga uku akuimba nyimbo osaphonya vesi. Nkhani ya gule wamkulu ikangotchulidwa pamacheza, mawu ake anali amodzimodzi chaka ndi chaka: "Mwamuna wa gule ndi ine, denga limodzi ayi. Bola woledzera, amagona n'kudzuka munthu." Akamatero a Zefaniya ankagwedeza mutu mwamphamvu, n'kupita kukhitchini kukatsuka makapu otsuka kale.

Mu 2007 anasamukira kukamudzi kena kupitirira Wigston, kunja kwa mzinda wa Leicester, kufupi ndi ntchito ya Vailet. Mudzi wake wa tchalitchi chimodzi, bala imodzi, ndi basi imene imabwera ikakumbukira. Kumeneko ali ndi mwambo wawo. Chaka chilichonse kumapeto kwa Novembala, dzuwa likayamba kulowa anthu asanamalize kugaya chakudya chamasana, ana amapanga nyali za mapepala n'kuyenda nazo pamzere kuchokera kusukulu mpaka pabwalo la kutchalitchi, makolo pambuyo, ng'oma patsogolo. Nyalizo amazipangira muholo ya mudzi masiku awiri a Loweruka otsatizana. Masiku onsewo Vailet anali pashifiti, ndiye ana anapita ndi bambo awo: Natalie wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene amalamula nyumba yonse, ndi Ivan wa zaka zinayi, amene amalamula Natalie. Ine ndinachoka ku Corby kukawaperekeza chifukwa ndinamva kuti muholomo mumakhala mabisiketi.

Tinapeza matebulo atayalidwa, ndowa za madzi zoviikamo timitengo tofewa ta m'mbali mwa mtsinje, guluu wosungunula, ndi mapepala opyapyala ngati khungu la anyezi. Woyang'anira anali Mayi Mehrunisa, mmwenye wothandiza aphunzitsi pasukulupo. Atangomva tikulankhula anasiya lumo.

"Aa! Anthu a kwathu! Muli bwanji, achimwene?"

Anabadwira ku Dedza komweko, bambo awo anali ndi sitolo paboma asanasamukire ku Limbe, kenaka ku Leicester. Chichewa chawo n'cha pakauntala, chothamanga, koma chokwanira kuphera munthu, monga muone.

Azungu ankapanga nyenyezi, nsomba, mwezi. Bambo wina pafupi nafe anatha ola lathunthu akulimbana ndi timitengo titatu, pomaliza anati ndi piramidi, koma aliyense ankaona kuti ndi ngozi. Ivan anati iye akufuna mbawala, ngati zimene anaziona ku paki ya Bradgate. Ana amenewa umawalankhula Chichewa iwo n'kukuyankha m'Chingerezi, koma akafuna chinthu amamveka m'zilankhulo zonse.

A Zefaniya anatola kamtengo kamodzi, n'kukapinda pabondo, n'kukanunkhiza. Kenaka manja aja ananyamuka.

Ine manja amenewo ndinkawadziwa ngati manja otenga theka la ola kumanga tayi. Tsikulo sindinathe kuwawerenga zala. Tepi sanaikhudze n'komwe, ankasenda khungwa la timitengo tomweto n'kumamangira. Natalie ankapatsira, Ivan ankasokoneza, iwo ali duu, maso ali kutali, mlomo ukung'ung'udza kanyimbo kamene sindinakamvepo kutchalitchi kulikonse. Azungu anasiya nyenyezi zawo n'kutizungulira. Pofika nthawi ya tiyi, pakati pa holo panali pataima chinthu chachitali kundiposa ine, ndipo ine ndikavala chipewa ndege zimandizemba. Pansi chinali chotambalala ngati bwato lovundikira. Msana wolowa pakati. Kutsogolo khosi lalitali ndi kamutu ka nyanga, kumbuyo kukweranso chimodzimodzi mpaka kumchira. Nthiti zake zinatsika mpaka kukhudza simenti.

Bisiketi inandikakamira pakhosi.

"Alamu," ndinatero chapansipansi, "mbawala yanuyi miyendo ili kuti?"

"Tiika."

"Muika pati? Ine chinthu ichi ndinachionapo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinachionera pakabowo ka chitseko pa maliro a kumudzi woyandikana nawo, ndipo kabudula wanga sanaume sabata yonse."

Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu n'kuchiyang'ana ngati akuchiona koyamba. Nkhope ija inachita phulusa. Asanatsegule pakamwa, Mayi Mehrunisa anatulukira kukhitchini ndi thireyi ya makapu, n'kuima chilili.

"Kasiyamaliro!" anakuwa, mawu okafika mpaka ku Nottingham. "Mayo ine! Ndinachiona ndili kamtsikana, chikudutsa kuseri kwa sitolo! Bambo Zefaniya, inu ndinu katswiri! Ichi chitsogolera mzere wonse, sindikufuna kumva zina."

Azungu anaomba m'manja osadziwa chimene akuombera. A Zefaniya anandikoka dzanja mpaka panja, kuseri kwa mabini a zinyalala.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, alamu," anatero. "Njira ya kusukulu inkadutsa m'mbali mwa manda. Amalume anati gula njira, apo ayi sukulu uisiye. Ndinagula. Kenaka akuluakulu anawakonda manja angawa. Zambiri musandifunse, sindinganene."

"Sindifunsa. Ife osameta timangodziwa kuti zilombo zimachokera kumadzi, basi."

"Ndinazisiya nditabatizidwa, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chibatizidwire sindinagwirepo. Lero ndimati ndikupanga mbawala, Mulungu ndi mboni. Koma manjawa amadziwa mbawala imodzi yokha."

"Ndiye bambo athu munawanamiza."

"Ndikanati eya, Natalie ndi Ivan bwenzi ali kuti?"

Ndinawongola kolala ya malaya anga.

"Ndikuuzeni ngati nkhoswe," ndinatero. "Mlongo wangayo ndimamudziwa. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinamudyera mango ake awiri, mpaka lero akandiona ndikudya chipatso amandiyang'ana m'mbali. Inu zanuzi akazimva, masutikesi mukawapeza pa siteji ya basi atapindidwa bwinobwino, ndi Baibulo pamwamba."

Ndinkacheza, monga mwa chilamu. Koma nditawayang'ana ndinaona kuti munthu wakhulupirira zenizeni.

"Akandithamangitsa, alamu, anawa ndiziwaona Loweruka lokha, ngati azungu. Ine sindingathe."

Sabata imeneyo alamu anga anaonda moti lamba anamuboola mabowo atsopano awiri. Anayesa njira zitatu, ndipo zonse ndinazionerera mwachidwi.

Yoyamba inali yosintha nyamayo mtundu. Loweruka lachiwiri, ana atamata mapepala thupi lonse, iwo anatulutsa m'chikwama mipukutu inayi ya katoni ya kuntchito n'kuimangirira m'mbali kuti ikhale miyendo. Pakhosi anapachika belu. Zotsatira zake, chinaoneka ngati chilombo chomwechija chitathyoka miyendo pangozi ya minibasi. Natalie anachizungulira, manja m'chiuno ngati mayi ake, n'kunena kuti Dadi achiwononga. Anazula miyendo yonse inayi yekha. Belu analisiya chifukwa Ivan anali atayamba kale kusonkhanitsa misozi.

Yachiwiri inali yakupha. Anthu atayamba kubalalika, a Zefaniya anadzipereka kukachisunga m'kachipinda ka mipando, ine ndikusuzumira pakhomo. Anachiimika pakona, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kukweza phazi. Nsapato zake zija za kuntchito, zachitsulo kutsogolo, zoti ukaponda nazo njerwa imasanduka ufa. Phazi lili m'mwamba choncho, Ivan anadutsa pakati pa miyendo yanga, n'kukakumbatira chinthucho, tsaya lake pa pepala lonyowa ndi guluu.

"Ugone bwino, Willie," anatero.

Anali atachipatsa kale dzina. Phazi lija linatsika pang'onopang'ono, n'kukakanda mwendo unzake ngati ndicho linakwerera.

Yachitatu inali pemphero. Anapemphera kuti tsiku la nyali Vailet akhale pashifiti mpaka usiku, ndipo pa ndandanda wa kuntchito zinalidi choncho. Lachinayi Vailet anabwera akumwetulira.

"Ndasinthana ndi mnzanga, ndiweruka hafu folo. Mudzi wonse ukukamba za mbawala ya amuna anga, ngakhale nkhalamba zosakumbukira maina a ana awo zikuidziwa. Ine ndiye ndisaione?"

A Zefaniya anandiimbira foni ali m'bafa, madzi akutuluka pampopi kuti asamveke.

"Alamu, ndatha."

"Mwathadi," ndinawalimbikitsa motero.

Tsiku linafika. Hafu folo kunja kunali kutada kale, mphepo ikuchokera kuminda yopanda kanthu, yozizira moti ya ku Dedza ija ingakhale kamwana kake kobereka kumbuyo. Pabwalo la sukulu panadzaza ana, aliyense ndi nyali yake pakandodo, ena timabotolo ta jamu tokhala ndi kandulo, ena nyenyezi zopindika. Tiana tating'ono tinavekedwa majekete ochuluka moti tikagwa tinkangogubuduzika osalira. Makolo ovala zachikasu zowala ankatseka msewu. Anyamata a kusekondale anabwera ndi ng'oma zawo zazikulu.

M'mimba mwa Willie tinamangiriramo matochi asanu ndi limodzi. Titayatsa, bwalo lonse linati "ooo!" Ndinene zoona, chinali chokongola. Nthiti zonse zinkaonekera mkati mwa pepala, khosi lili njo, nyanga zikugwedera. Ngakhale ine, amene ndinkadziwa kuti ndi guluu ndi timitengo, tsitsi linandiimirira.

Tinakonza zoti tichinyamule pa nsungwi ziwiri, ine kutsogolo, alamu kumbuyo. Tisanatuluke pageti mphepo inachiomba m'nthiti, chinapendekeka, chikanagwera kamtsikana kena kovala ngati njuchi. Tinayesanso, chimodzimodzi. Mayi Mehrunisa anathamangira pomwepo.

"Nsungwizi zichotseni. Bambo Zefaniya, lowani mkati mugwire nthiti. Nanga kwathu amatani?"

"Mayi, chonde," anatero alamu. "Chilichonse, koma chimenecho ayi."

"Ndiye tichisiye muholo. Sindingalole chigwere mwana."

Natalie sanalire. Anangoyang'ana bambo ake, dzanja litagwira kansalu kamene anamangirira yekha kumchira kuti azikokera. Ivan ndiye anatsegula pakamwa ponse kukonzekera sayirini.

A Zefaniya anavula chipewa n'kundipatsa, ngati munthu wokwera pa thebulo la opaleshoni. Anagwada, n'kukwawira pansi pa pepala. Chinthu chija chinadzuka. Pansi pake pankangooneka nsapato ziwiri zachitsulo.

Tinanyamuka. Ng'oma kutsogolo, Willie pambuyo pake, Natalie kumchira, Ivan m'mbali atagwira pepala, ine nditagwira Ivan kukolala ngati mbuzi yopita kumsika. Kumbuyo kwathu ana oposa makumi asanu ndi nyali zawo, mzere wa timoto tokhotakhota kutsika msewu. Anthu anaima m'makomo ndi makapu a tiyi. Agalu onse a m'mudzimo analemba kalata yosiya ntchito tsiku lomwelo.

Poyamba alamu ankayenda ngati mmene amayendetsera folokolifiti. Koma ng'oma ndi ng'oma, ngakhale aziimba ana a azungu ophonya. Titafika pa mphambano ya ku positi ofesi, mphepo inachitembenuza pang'ono, iwo n'kutembenuka nayo kuti chisang'ambike. Ana anakuwa ndi chimwemwe. Natalie anasiya mchira n'kumalumpha, akuti Dadi azungulirenso. Anazunguliranso. Kachitatu palibe anawapempha. Nsapato zija zinayamba kupalasa phula, tsatanetsatane, chinthu chija chikuweramira uku, chikudzuka, chikuzungulira, belu likulira pakhosi. Kukanakhala fumbi m'dziko lino, bwenzi ndege za pabwalo la ndege la East Midlands zitaimitsidwa. Azungu anapenga. Bambo wa piramidi uja anataya piramidi yake kuti aombe m'manja.

Ndipamene ndinaona Vailet. Pakona, pansi pa nyali ya mumsewu, yunifolomu ikuonekera pansi pa jekete, kamera m'manja koma yosakwezedwa.

Ndinayandikiza pakamwa pa pepala.

"Alamu. Akazi anu ali pakona."

Chilombo chinaima ngati chagunda khoma. Ana a kumbuyo anagundana, nyenyezi zinalowana, ng'oma zinapitirira zokha mpaka zinazindikira kuti palibe akuzitsata, n'kuzima imodziimodzi. Mudzi wonse unangoti zii. Mkati mwa pepala ndinkamva munthu akupuma ngati wathamanga kuchokera ku Linthipe.

"Mami! Mami!" anakuwa Ivan. "Dadi ali m'mimba mwa Willie!"

Vailet anatsika pa msewu. Anachizungulira kamodzi, pang'onopang'ono, kuyambira kumutu, kutsata msana, mpaka kumchira. Nkhope yake sinkawerengeka. Kenaka anawerama n'kuyang'ana nsapato zija nthawi yaitali. Nsapatozo zinasunthira pamodzi mwaulemu.

"Yendani," anatero. "Ana akuzizidwa."

Anagwira Natalie dzanja n'kuima kumbuyo. Ng'oma zinayambanso. Koma kuchokera pamenepo mpaka kubwalo la tchalitchi, chinthu chija chinayenda ngati ng'ombe yopita kokaphedwa. Mtunda wake ndi wa mphindi zisanu, ine ndinaumva ngati ulendo wa pansi wochoka ku Nsanje kupita ku Chitipa. Ndinayesa kuuza Vailet kuti kwazizira, anandiyang'ana, ine n'kuona kuti kunja kukutentha ndithu poyerekeza.

Pabwalo panali matebulo a supu ndi mabanzi. Ana anaika nyali zawo mozungulira mtengo waukulu n'kuthamangira kuchakudya, Mayi Mehrunisa n'kutenga Natalie ndi Ivan kukawapatsa supu. Ife tinatsala kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mpanda. A Zefaniya anatuluka chokwawa, thukuta lili chuchuchu mu Novembala, mapepala atawamatirira m'tsitsi. Sanaimirire. Anakhala chogwada pa udzu wonyowa.

"Mayi a Natalie, pali mawu."

"Alipo? Zaka khumi ndi chimodzi ali pamoto, apsa lero?"

Alamu anakweza mutu.

"Bambo anu ndinawanamiza," anatero. "Ndi inu nomwe. Kudambwe ndinapitako. Ndinali mwana, ndinazisiya kalekale, koma ndinapitako. Ichi sindinachifune, manja anangochita. Mukafuna kundithamangitsa muli ndi chifukwa. Chokhacho ndikupempha, anawa..."

Ine ndinakonza pakhosi kuti ndiyambe ntchito yanga ya unkhoswe, ndinali nditakonzeratu ndi miyambi iwiri.

"Achimwene, inu khalani chete," anatero Vailet osandiyang'ana n'komwe. Kenaka kwa amuna ake: "Amayi anu anandiuza kutatsala sabata kuti tikwatirane. Tinali awiri kuseri kwa nyumba, tikupeta chimera cha thobwa la ukwati. Anati, mwana wanga, ndisakubisire, mnzakoyu anagula njira, ndipo manja ake ankatchuka midzi itatu. Ngati ukufuna kubwerera, bwerera lero chimera chisanalowe mumphika."

"Amayi?" anatero a Zefaniya, mawu atachepa ngati a Ivan. "Ndiye inu munatani?"

"Ndinapitiriza kupeta."

Mphepo inagwedeza belu lija kamodzi.

"Nanga mawu aja? Oti denga limodzi ayi?" anafunsa alamu.

"Ndimanena kuti mumve, musadzayerekeze kubwererako. Komanso mwamuna wokhala ndi kamantha pang'ono sachedwa panjira." Apa mawu ake anatsika, nthabwala inachokamo. "Koma ndinkadikira, bambo a Natalie. Chaka chilichonse ndimati mwina chaka chino andiuza ndi pakamwa pawo. Tinakwera ndege limodzi, tinagona m'kachipinda kamodzi ku Beaumont Leys tikufunda makatani, ndinakuberekerani ana awiri, inu n'kumandiopabe ngati wapolisi. Lero mwandiuza ndi mapazi, pamaso pa mudzi wonse wa azungu."

"Ndinalakwa."

"Munalakwa. Bambo ndiye anapita osadziwa. Amenewo mukakumana nawo kumwamba mukafotokoza nokha, ine musakanditchule."

Ndinalephera kupirira. "Mlongo wanga, ndiye kuti zaka zonsezi ine ndekha ndi amene sindinkadziwa? Nkhoswe yathunthu?"

"Tikanakuuzani inu bwenzi ataulutsa pa wailesi tsiku lomwelo. Ndipo musandiiwalitse. Ivan chipewa chake chili kuti? Ndinamuveka ndekha m'mawa. Amuna awiri akuluakulu, ndevu pepeya, mwana makutu ali pamtunda ngati a mleme!"

Sindinakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Chipewacho chinali m'thumba mwanga, ndinali nditapukutira guluu.

Vailet anatembenukira Willie, amene anali chiimire pambali, matochi ake akuwalabe.

"Chinthu ichi m'nyumba mwanga sichilowa. Ngakhale pakhonde. Ndipo zithunzi zake zisafike kumpingo, mwamva achimwene?"

"Nanga ine?" anafunsa a Zefaniya ali chigwadire.

"Inu mulowa. Nsapato musiye panja."

Alamu anangokhala phwetsere pa udzu n'kuyamba kuseka, kuseka kosatuluka mawu, misozi ikutsika. Mzungu wina wovala zachikasu anathamangira kudzafunsa ngati aitane ambulansi. Ndinamuuza kuti asavutike, wodwalayo wangotulutsidwa kumene m'chipatala. Tinawabweretsera supu. Anamwa makapu anayi, mabanzi sindinawerenge, koma amayi ogawa chakudya anayamba kubisa thireyi akawaona akuyandikira.

Panatsala mlandu wa Ivan, amene atamva kuti Willie sapita kunyumba anagona chagada pa udzu n'kuyamba kupalasa miyendo kumwamba. Mayi Mehrunisa ndiwo anaweruza. Anati Willie ndi wamkulu, ayenera kuyamba sukulu, azigona muholo ya kusukulu ndipo Ivan azikamuona Lolemba lililonse. Ivan anaganiza kaye, n'kufunsa ngati Willie ali ndi yunifolomu. Anamulonjeza tayi.

"Chaka chamawa mutipangire njovu, Bambo Zefaniya," anatero Mayi Mehrunisa potsanzikana.

"Chaka chamawa apanga nyenyezi," anayankha Vailet. "Ya makona asanu. Ndidzawerenga ndekha."

Tinabwerera wapansi, nthawi isanakwane n'komwe seveni koloko. Mumsewu munali mabanja obwerera ndi nyali zozima, tiana tikugona pamapewa. Vailet ndi ine tinali pambuyo. Kutsogolo kwathu alamu anasenza Ivan pakhosi, Natalie atawagwira dzanja, akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi besi yonse imene Mulungu anawapatsa. Anyamata a ng'oma anali asanatope, ankamvekabe chapatali kubwalo kuja. Tikudutsa pa mphambano paja, ndinaona phazi lamanzere la alamu likuchita kanthu kena kosagwirizana ndi nyimbo ya pakamwa.

"Bambo a Natalie," anatero Vailet. "Mapaziwo."

"Ayi, mayi," anayankha osacheuka. "Ndikuchotsa matope."